Msomali pa Khoma la Ndioneni

Kuseri kwa mapiri amene mapu sawadziwa kuli dziko la Chiphamaso, lolamulidwa ndi Mwini Nthaka, Wolemekezeka Salakwa, amene ngakhale akatsokomola anthu amawomba m'manja. M'dzikomo munali lamulo lakalekale lakuti mmisiri womanga nyumba sangapezeke wolakwa pokhapokha eni nyumba awiri amene anawamangira atadandaula limodzi pabwalo. Wodandaula yekha ankangomuona ngati munthu wadzuka ndi mkwiyo basi.

Nakaduka, mayi wogulitsa tomato pamsika, anamangitsa nyumba yake kwa mmisiri Bolazatha, yemwenso anamanga ya mng'ono wake Ndioneni kutsidya kwa msewu. Chaka chisanathe, ya Nakaduka inayamba kuyoyoka. Ukakanda pakati pa njerwa ndi chikhadabo, mchenga unkatsika ngati shuga, ndipo kuchipinda kwa ana kunatseguka mng'alu woti mkono n'kulowa. Mvula inali pafupi. Komatu chimene chinkamudya mtima kwenikweni chinali nyumba ya kutsidyayo, yopakidwa penti wachikasu, imene odutsa ankaima n'kumailozerana. Ankaiyang'ana akutsuka ziwiya mpaka kukwecha poto mmodzi katatu. Anatsimikiza mumtima kuti simenti yake, imene anaisenza yekha pamutu thumba ndi thumba, ndi imene inkalimbitsa makoma a kamwana kamene iye anakabereka kumsana.

Anakasuma kwa woweruza, a Sizindikhudza. Pabwalo ananena mosapsatira kuti Bolazatha anamubera simenti n'kukamangira Ndioneni, ndipo anapempha kuti makoma onse awiri ayesedwe ndi msomali monga mwa mwambo wa dzikolo. Bolazatha anavula chipewa, nafotokoza mwaulemu kuti mchenga wa chaka chimenecho unali wanjala, unkadya simenti wokha. Anthu anaseka, woweruza anayasamula, kenaka bwalo lonse linanyamuka kukaona.

Kwa Nakaduka msomali unalowa ngati ukulowa m'phala, ndipo palibe anadabwa. Atawoloka msewu anapeza Ndioneni ataima pakhomo, atavala chitenje chatsopano, akudandaula kuti amuonongera penti. Nakaduka analanda msomaliwo kuti aukhome yekha, ndipo anaukankha ndi mphamvu zonse za miyezi imene anakhala akumeza malovu. Unalowa wonse mpaka mutu. Atauzula, mchenga unakhuthukira pa nsapato za woweruza, osaleka. Kuseri kwa chitseko kunali tsache lotha ndi zitini za penti zosanjikizana: m'mawa uliwonse Ndioneni ankasesa khoma lake lomwe, n'kupaka pamene pagumuka anthu asanayambe kudutsa.

A Sizindikhudza anakutumula nsapato zawo, nati, "Mayi Ndioneni, mlanduwu ukufuna pakamwa pachiwiri. Kodi inu mukumudandaula mmisiriyu?"

Nakaduka anagwira mkono wa Ndioneni. "Nena mawu amodzi okha, mng'ono wanga, atimangirenso tonse mvula isanagwe. Ana anga akugona pansi pa mng'alu."

Ndioneni anayang'ana khamu limene linadzaza msewu, anthu omwewo amene ankalozerana nyumba yake, ndipo anachotsa dzanja la mkulu wakeyo pang'onopang'ono.

"Achemwali, musandiike m'gulu lanu. Olemekezeka, nyumba yanga ndi yolimba. Mchengawu wabwera ndi mphepo."

Mlandu unathera pomwepo. Bolazatha anavala chipewa chake, ndipo asanafike pamphambano anthu awiri anali atamupempha kale kuti akawamangire.

Nakaduka anabwerera kwawo mitambo itada bii. Ankayembekeza kulira, koma anadabwa kupeza kuti pachifuwa pamupepukira, ndipo potsuka ziwiya tsiku limenelo ankang'ung'udza kanyimbo. M'mawa mwake mwamuna wake anamuuza kuti apite limodzi kukadula mitengo yochirikiza khoma la ana. Nakaduka anati abwera posachedwa. Anapita kwa Bolazatha, nagwada pakhomo, napempha kuti amubwereke burashi, amuuzenso kumene mng'ono wake amagula penti.

"Koma wanga," anatero, "akhale wowala kuposa uja."