Mphuno ya Apongozi Anga

Mpaka lero ndikamva munthu wamkulu akutsokomola kumbuyo kwanga, miyendo imafuna kuthawa yokha. Imvani chimene chinandionekera.

Ine ndinaleredwa ndi agogo ku Dedza, makolo anga atamwalira ndili wamng'ono. Ndinali mwana wa phee, wongokhala pakhonde n'kumaonerera anzanga akusewera. Masewera anadzandipeza nditakula, ndipo anandipeza moipa.

Ndinakwatiwa ku Misuku. Nditangofika, apongozi aakazi anandikhazika pansi. "Mwana wanga, kuno mkamwana saonana maso ndi apongozi ake aamuna. Ukamva akutsokomola panjira, patuka, lowa m'nthochi." Lamuloli silinandivute (kubisala ndiye luso limene ndinabadwa nalo).

Sukulu yaulere itayamba, ana anasefukira, ndipo ife a kasatifiketi ka Fomu 2 anatilemba kuti tithandize. Apongozi aamuna, amene anali m'komiti ya sukulu, sanakondwe kuti mkamwana wawo aziima pagulu. Anatumiza mawu kudzera kwa mwamuna wanga: "Tiona teremu imodzi. Zikapanda kuoneka, abwerere kumunda wa khofi."

Anandipatsa Sitandade 1, pansi pa mtengo. Ana ankalankhula Chisukwa chawo, Chichewa changa ankangochitola apa ndi apo, Chingerezi ndiye musanene. Ndikati "nose," ankandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Ndiye ndinapeka sewero. Ndinkadzimanga mpango kumaso, ana n'kumandizungulira akuimba. Amene ndamugwira ndinkamukhudza khutu kapena mphuno n'kufunsa, "What is this?" ndipo onse ankayankha pamodzi. Zinayenda bwino kwambiri moti ndinayamba kudzimva (apa ndi pamene munthu umayenera kuchenjera).

Tsiku lina sewero lili mkati, nyimbo inangoduka, ana onse zii. Ndinati akufuna kundipusitsa kuti ndisawapeze. Kenaka ndinamva kutsokomola chakumanja. Kachiwirinso, mwamphamvu. Mumtima ndinati, wachifuwa uyu wadziulula yekha. Ndinalumpha, gwi!

Mwanayo anali wamtali, wovala jekete. Musandiseke msanga: chaka chimenecho tinali ndi anyamata ena aakuluakulu mu Sitandade 1, ena mawu atayamba kale kukula. Ndinangokweza dzanja n'kupeza khutu.

"What is this?"

Zii. Kenaka kamawu ka Tusekile, mdzukulu wa apongozi, kanamveka konjenjemera: "Ear."

Ndinatsikira pamphuno, n'kuitsina bwinobwino kuti akumbuyo aone. Ana analephera kupirira, anakuwa onse: "Nose!"

Nditafika pachibwano ndinakumana ndi ndevu. Ndevu zokhwima, zonunkhira fodya. Ndinachotsa mpango pang'onopang'ono. Maso ndi maso ndi apongozi anga, kumbuyo kwawo ahedi ndi komiti yonse, atabwera kudzaona ngati ndikuphunzitsadi.

Apongoziwo anaphimba nkhope ndi chipewa. Pakamwa panga panangotuluka moni wa Chisukwa, "Mwaghona," kenaka ndinaliyatsa liwiro kulowa m'khofi wa eni ake, choko chili m'manja.

Madzulo mwamuna wanga anapita ndi tambala kukapepesa. Ine ndinkadziwa kuti uphunzitsi wathera pomwepo. M'mawa mwake apongozi aakazi anabwera, nkhope ataimanga, koma mapewa akugwedezeka.

"Iwe mwana wa ku Dedza, ine zaka zonsezi mphuno imeneyo sindinaitsinepo. Iwe wangofika dzana!"

"Pepani amayi, sindinaone."

"Tikudziwa kuti sunaone. Akuti anatsokomola mpaka pakhosi kuwawa."

Kenaka anandiuza zonse. Akuluwo anafika kunyumba atalusa, akunena kuti ndisadzapondenso kusukulu. Koma Tusekile anawakwera pamiyendo n'kuyamba kuwatchula khutu, maso, pakamwa, zonse m'Chingerezi, anzawo a komiti akumvera. Akuti pamapeto pake akuluwo anati, "Chizungu chalowa, ngakhale chalowera pamphuno yanga. Apitirize."

Sabata yotsatira anatuma munthu ku Boma kukawagulira wezulo, ya oimbira mpira ija. Kuyambira pamenepo, akamabwera kusukulu ankailiza akadali kutsidya kwa mtsinje, mudzi wonse n'kudziwa kuti akuchenjeza mkamwana.

Ine ndinalumbira kuti sindidzamanganso mpango kumaso. Lumbirolo linatha masiku ochepa, chifukwa ana ankalirira sewero lawo. Chimene ndinasintha n'chimodzi chokha: ndikagwira munthu, ndimayamba ndafufuza kuchibwano.