Sera Wofiira M'galimoto ya Mkwatibwi

Mpaka lero mwana wanga Zakariya akabwera kuno ku Mandimba, galimoto yake amakaiimika kwa aneba. Sindimuimba mlandu, koma imvani kaye mbali yanga.

Linali tsiku la ukwati wa mwana wake Rozinya, amene ndinamulera ndekha pakhomo pano. Zakariya amagwira ntchito ya njanji ku Cuamba, ndipo galimoto yake yoyera ndiyo inayenera kunyamula mkwatibwi. Inafika dzulo lake ili fumbi lokhalokha, poti anadzera ku Itepela kukatenga chimanga cha paukwati. M'mawa anandionetsa thumba la timabotolo: ka matayala, ka magalasi, ka mipando, ndi kansalu kofewa ngati khutu la mbuzi.

"Amayi, ndikukatenga ankhoswe ku Ngauma pa njinga yamoto. Ndikabwera nditsuka ndekha. Chonde musaikhudze."

Dzuwa linakwera, munthu osaoneka. Akuchimuna ndi anthu a m'tauni, aja amayang'ana nsapato zako asanakupatse moni. Mdzukulu wanga akatsike m'chikwere cha nkhuku pamaso pa apongozi ake? Ine ndili moyo, ayi! Ndinamanga kapulana, chitenje chathu cha kuno, m'chiuno.

Timabotolo tija ndinatinunkhiza. Kena kankanunkhira ndimu, kena mankhwala a chifuwa (zolembedwapo ndi ine sitipatsana moni), ndiye ndinatibwezera m'thumba. Ndinayamba ndi madzi, zinthu n'kumayenda bwino. Koma pachitseko chakumbuyo, polowera mkwatibwi penipeni, panakakamira phula la mumsewu. Ine miphika yakuda ndaigonjetsa moyo wanga wonse. Ndinatenga phulusa, mchenga wa kumtsinje ndi chitsononkho, n'kukwecha. Phula linachoka. Kuwala kwa penti nakonso kunachokera limodzi, panatsala chigamba chotuwa ngati chipere. Sindinabwerere m'mbuyo. Ndinapakapo mafuta ophikira, pakati ng'ani ng'ani.

Kenako mipando. Inali yachikopa chofiirira, koma itatuwa ngati zidendene za mlimi. M'nyumba ndinali ndi chitini cha sera wofiira, uja timapaka pasimenti (luso limeneli ndinaliphunzira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndikugwira ganyu m'nyumba za eni, ndipo khonde langa silinandichititsepo manyazi). Ndikupaka kachiwiri, anatulukira anzanga a kuseri kwa mpanda, Mayi Asiyatu.

"Anzanga, ameneyo si wa pakhonde?"

"Chofiira n'chofiira, mayi. Simenti imawala, nanga chikopa chikanirenji?"

"Ine sindinaone kanthu," iwo anatero, n'kubwerera.

Zakariya anafika thukuta kamukamu, ankhoswe ali kumbuyo, nthawi itatha. Anasuzumira m'kati, n'kununkhiza.

"Amayi, mwapakamo chiyani?"

"Lowa iwe, ansembe sadikira mafunso."

Tinanyamuka magalasi ali otseka kuopa fumbi, m'kati mukutentha ngati mu uvuni. Tikufika ku tchalitchi, chitseko chamafuta chija chinali chitatola dothi lonse la m'njira. Koma zimenezo zinali zazing'ono. Rozinya anatsika. Kutsogolo mngelo weniweni. Atangotembenuka, nthungululu za amayi zinadukira pakati. Diresi loyera lija, kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo, linali psuu, ngati kumbuyo kwa nyani. Mayi a mkwati anagwira pakamwa.

"Agogo, anthu akuyang'ana chiyani?" anafunsa mwanayo.

Apo ndinadziwa kuti akangolira, ukwati umenewu anthu adzaukumbukira ndi kumbuyo kwake basi. Ndinavula kapulana yanga yatsopano ya paphewa, n'kumumanga m'chiuno, n'kukuwa kuti onse amve: "Kwathu mwana salowa m'tchalitchi asanavekedwe nsalu ya agogo ake!" Mwambo umenewo unabadwira pomwepo. Ndinaimba nthungululu ndekhandekha, mawu ngati tambala wokalamba.

Mayi a mkwati anandiyang'ana, n'kuyang'ana zikhadabo zanga zofiira. Kenako anavula kapulana yawo n'kumufunditsa Rozinya paphewa. "Nafenso kwathu timatero," anatero. Amayi onse anadzuka ndi nthungululu, mwana n'kulowa akumwetulira. Bambo ake okha, pomuperekeza, ndi amene ankayenda chammbali ngati nkhanu, poti mpando wa woyendetsa sindinaumane sera.

Mawa lake Zakariya anandikhazika pansi ngati mwana. Akuti galimoto si mphika. Penti amatsukira pamthunzi, ndi madzi ambiri ndi nsalu yofewa, mchenga osayandikira. Mipando ili ndi mafuta akeake amene amalowerera m'chikopa, osatsala pamwamba kudikira zovala za anthu.

"Mwamva, amayi?"

"Ndamva, bambo."

Ndipo ndamvadi. Ndaganizira bwino, cholakwika chinali mtundu. Kumsika ndafunsa kale, amagulitsanso sera woyera, ndipo mng'ono wake wa Rozinya akukwatiwa tikangokolola.