Magalasi Oona M'kati

Nzeru yonseyi inabadwira pa thaveni ya ba Marjory ku Chinyunyu, Lachiwiri masana mu 1998, paketi yachinayi ya chibuku ili pakati. Mwini nzeruyo anali Kingsford, amene ankadzitcha Injiniya chifukwa anatsukapo mabawuti pa galaji ina ku Lusaka kwa masabata atatu. Womumvetsera anali Fyson, wotchedwa Bigi Thanki chifukwa mimba yake inkalowa pakhomo mwiniwake akali panja.

"Mvera, mudala," anatero Injiniya motsitsa mawu. "Ku chipatala ca mishoni kwabwera dokotala na magalasi ya kompyuta. Akavala, ayangana pamimba pako, aona vonse vamukati. Podula sasokera."

"Manje ise tifuna kudula ndani?"

"Iwe! Ngati yaona mukati mwa munthu, phiri ingayakange? Golide yonse ya ku Rufunsa tizaiona monga nsomba mu beseni. Ena azikumba, ise tizisonta cabe."

Fyson anagwedeza mutu mwaulemu. Sukulu ya ku Lusaka si masewera.

Lachinayi, dzuwa lili paliwombo, anafika pachipatalapo Fyson akubuula ngati ng'ombe yodya pulasitiki. Sista Mailesi, namwino wamkulu, anamugoneka pabedi m'chipinda cha makina a magalasi aja.

"Ba dokotala ali ku lanchi," anatero. "Musagwire kanthu. Makina aya afunika pa fotini, kuli mzimayi alowa opaleshoni."

Sanawauze kuti mzimayiyo, Estina, anali atangomuunika pabedi lomwelo, ndipo chithunzi cha m'mimba mwake anachisiya chili chiimire m'makinamo.

Chitseko chitatsekeka, Fyson anachira pompo.

"Nyamula tiyende!"

"Tiyese poyamba. Tingabe vinthu vakufa," anayankha Injiniya. Anaveka mutu wake chimagalasi cholemeracho, zingwe zili lende kumbuyo. "Kweza shati."

Anayang'ana pamimba pa mnzake. Anapukuta magalasi ndi chala, n'kuyang'ananso.

"Fyson. Uli na mimba."

"Niziba. Ni ya moba."

"Iyayi, mudala. Muli mwana. Imilira... bali babili! Mitu ibili!"

Fyson anaseka, koma kusekako kunathera panjira. Anakumbukira kuti m'mawa uliwonse ankadzuka ndi mseru. Anakumbukira kuti madzulo china chake chinkagunda m'kati. Kenako anakumbukira mbuzi imene anaba ku Shikabeta mwezi wa Epulo, ndi mwini wake amene anafuula kuti, "Idyani, koma idzakukulirani m'mimba!"

"Mayo ine!" Anagwira mimbayo ndi manja onse awiri. "Bazacokera kuti? Injiniya, bazacokera kuti?"

"Khala zii, uzatigwilisa!"

"Ba Sista! Ba Sistaaa!"

Injiniya anadumpha kuti amutseke pakamwa, zingwe zinamukola miyendo, ndipo anagwera pansi manja ali m'mwamba kutchinjiriza magalasi osakira golide aja. Sista Mailesi analowa akuthamanga, mlonda ali pambuyo ndi chibonga.

"Ba Sista, nikambe zoona," analira Fyson. "Sinidwala. Tinabwera kuba magalasi, plani ni ya uyu. Mbuzi ya ku Shikabeta ndine. Nkhuku za ba Marjory ndine. Nimangeni, koma nicoseni bana aba poyamba!"

Sista anavula Injiniya magalasi mosamala, anasuzumiramo, kenako anakhala pampando n'kuseka mpaka kapu inagwa kumutu.

"Bambo, mapasa awa ndi a mzimayi amene anagona apa musanabwere. M'mimba mwanumu muli chibuku basi."

Makinawo sanawonongeke. Pa fotini, 2 koloko masana, Estina analowa opaleshoni, ndipo pamene galimoto ya apolisi inkafika kuchokera ku boma, ana ake aakazi awiri anali akupikisana kulira m'chipinda cha amayi.

Atawakweza kumbuyo kwa galimotoyo, unyolo umodzi wogawana, Injiniya ankalongosolera wapolisi kuti plani yokhayo inalibe vuto, cholakwika chinali anthu ogwira nawo ntchito. Fyson sankamva n'komwe. Anatulutsa mutu pazenera n'kukodola Sista Mailesi.

"Ba Sista," ananong'ona, dzanja lomasuka lili pamimba, "muli shuwa? Cifukwa apa manje so kamenya futi."