A Kefasi ndi Odwala Awo a Pa Boda

Pa boda ya Mchinji pano aliyense ankalidziwa lamulo la a Kefasi: kompyuta yodwala sigonekedwa popanda gadiyani. Kashopu kawo kanali kuseri kwa malo oimikapo mathiraki, ndipo pakhomo panali benchi lomwe iwo ankalitcha wodi. Ukabwera ndi laputopu n'kunena kuti udzatenga mawa, ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi ngati wataya khanda pa depoti.

"Mayi anu mungawasiye okha kuchipatala?"

"Koma bambo, awa ndi makina chabe."

"Makinawa akusunga ukwati wanu, ana anu ndi mabodza anu onse. Khalani pansi."

A Stefano, dalaivala wa thiraki wa ku Katete, anayesapo kuzemba. Anasiya laputopu pa kauntala, nati akasunthe kaye galimoto pamzere. A Kefasi anainyamula n'kuwalondola mpaka pageti, chingwe chikukwekwereka m'fumbi, akufuula kuti boda yonse imve: "Bambo awa athawa wodwala wawo!" Munthu wamkulu ndi ndevu zake anabwerera atazolika, n'kukhala pa benchi tsiku lonse, anzake akumuimbira mahutala.

Kupima kwawo kunalinso kwaokha. Ankayatsa kompyuta, n'kugunditsa khutu pomwe pali hadi disiki, nkhokwe yosungira zonse ija, atatsinzina. Ikamalira kuti khe-khe-khe, ankapukusa mutu: "Iyi itanirani abale." Mphunzitsi wina wa ku Guilleme atatopa nazo anati angofufuta zonse ayambirenso. A Kefasi anavula magalasi. "Aphunzitsi, mwana akadwala malungo kwanu mumataya n'kubereka wina?"

Ine ndinkawaseka kuposa onse. Ndine wa geni ya zitenje, ndipo kukhala pa benchi kwa ine n'kuwotcha tsiku. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Laputopu ya malemu bambo a Loveness inayamba kuzimazima, kuyaka kwake mpaka madzi a tiyi awire. Amuna angawo anamwalira pa ngozi ya thiraki mwana wathu Loveness ali wakhanda, ndipo m'makinamo munali kavidiyo kamodzi kokha komwe akumunyamula n'kumuimbira, mawu awo osayenda bwino aja. Kwina kulikonse mawuwo kunalibe.

Nditapita nayo, a Kefasi anaimvetsera, ndipo ulendo uno sanachite nthabwala.

"Amake Loveness, disikiyi yatsala madzi amodzi. Tiikamo SSD, kaja kopanda chozungulira m'kati. Koma tisamutse kaye zonse, ngakhale fumbi la pansi pa bedi. Tikaivutitsa kawiri siidzukanso."

Analumikiza kadisiki katsopanoko ndi chingwe, kukopera kunayamba, ine n'kukhala pa benchi lomwe ndinkalinyoza lija, mtima uli m'malere. Kamzere kobiriwira kankayenda ngati ngolo ya ng'ombe zokalamba. Katangopitirira theka, magetsi anathima. Batire la laputopuyo linali lotha kale, lamphamvu yongokwanira kupemphera pemphero lalifupi.

Sindinaonepo nkhalamba ikuthamanga chotero. Patapata imodzi inatsalira pakhomo. Anakaima kutsogolo kwa thiraki yomwe inali kunyamuka, manja ali m'mwamba, ndipo mwa madalaivala onse a padziko lapansi anapezeka kuti ndi a Stefano omwe aja.

"Mudala, mufuna nikugundeni?"

"Batire! Wodwala ali pa mpweya!"

A Stefano sanafunse kawiri. Anamasula batire, awiriwo n'kulinyamula chothamanga akutukwanizana, a Kefasi n'kulilumikiza ku inveta yawo yomangamanga ndi mphira, kabokosi kosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi. Kamzere sikanaime. Thiraki inatseka njira mpaka dzuwa kupendeka, ndipo aliyense wobwera kudzakalipa ankauzidwa kuti alankhule motsitsa, muno muli matenda.

Atasintha madisiki, laputopu inayaka ndisanamalize n'komwe kukonza mpango. Ndinafuna kuthokoza ndizipita, iwo anakana.

"Ntchito ya gadiyani ndi ino. Ine sindidziwa chomwe chikusowa. Tsegulani nokha, chimodzichimodzi. Yakaleyi sindiikhudza mpaka munene kuti zonse zafika."

Ndinatsegula. Bambo a Loveness anayamba kuimba m'kashopu muja, ndipo ine ndinalira mosadzigwira. A Kefasi anatembenukira kukhoma, ati akufunafuna sikuludiraiva yomwe inali m'dzanja lawo.

A Kefasi atadwala chaka chathachi, tinazindikira kuti analibe m'bale kuno. Anabwera ali mwana ndi makolo awo, matenanti a ku Mulanje, pa esiteti ya fodya ku Mkanda, ndipo onse anatha. Komabe anamwino anachita kutipirikitsa, poti magadiyani tinachuluka kuposa odwala a m'wodi monse. Koma wodwala wathuyo sanadzukenso.

Pano m'kashopu muja muli anyamata ogulitsa makava a foni. Ukawapatsa laputopu amati, "Siyani, tikuimbirani." Ndi aulemu ndithu, koma pa boda pano pazizira, ndipo ndimawasowa a Kefasi zedi. Loveness wakula, nyimbo ya bambo ake amaiimba yonse, ndi polakwika pomwe. Tsiku lina anandipempha kuti ndimuikire mawu a agogo aja anapulumutsa nyimboyo. Ndinafunsa madalaivala, aphunzitsi, amageni anzanga, aliyense amene anakhalapo pa benchi lija. Tonse tili ndi zathu zonse, palibe chinatayika. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizapo zowajambula iwo.