Maluwa a pa ukwati wa Esinta

Inu amene mumati ndimanama, kwerani njinga mupite ku Nathenje mukafunse aliyense amene anavina nawo ukwati wa mlamu wanga Esinta. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, inde, koma pa nkhani ya maluwa ngakhale alangizi amakhala pansi pakhonde langa n'kumalemba m'kope.

Akomiti ya ukwati ankafuna kugula maluwa apulasitiki kutauni. Ine ndinaimirira, Tadala ali kumbuyo, n'kunena kuti tchalitchi ndidzakongoletsa ndekha ndi maluwa amoyo. Apongozi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati ndikadzawachititsa manyazi pamaso pa akuchimuna ndisadzatsegulenso pakamwa pa msonkhano wa banja. Kunali kutatsala miyezi itatu.

Mbewu ndinapempha kwa anamwino ena pa Mitundu, timitu touma ta maluwa achikasu aja a masamba onunkha. Ndinafesa m'mathireyi a mazira, kanjere kamodzi pa kadzenje, m'dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga ndi manyowa a mbuzi, kenako ndinaokera m'zitini, m'zigubu zodula ndi m'poto wanga wobooka. Anamera onse, koma ankangotalika, oonda, opanda nthambi ndi imodzi yomwe, moti apongozi podutsa ankafunsa ngati ndikulima maluwa kapena machesi.

Ndiye nsonga zonse zinadulidwa. Mukumva? Chinsinsi n'chimenecho. Pomwe panadulidwa panatuluka nthambi ziwiri, ziwirizo nditatsina zinabala zinayi, zinayi zinabala zosawerengeka, mpaka ndikamayamwitsa pakhonde ndinkamva zikuphukira ngati chimanga chokazinga, thi thi thi, ndipo nkhuku yanga inalowa m'tsinde la m'poto muja Lolemba n'kudzatulukamo patatha milungu itatu ndi anapiye khumi, onse achikasu, ndipo Tadala ataponyamo nsapato yake tinaifunafuna masiku awiri ndi ndodo. Ndikulumbira. Maluwawo atamasula, njuchi zinabwera kuchokera kuphiri la Nkhoma zili pamzere ngati amayi opita kusikelo, ndipo madalaivala a minibasi ankachedwetsa galimoto pamsewu poganiza kuti dzuwa latulukira kuseri kwa khitchini yanga.

Tsiku la ukwati tinakweza m'ngolo. Chitini chimodzi tinanyamula anthu anayi, ndipo ng'ombe zinapuma kasanu tisanafike ku Nathenje. M'tchalitchi abusa ankalalikira osaoneka, tinkangomva mawu akuchokera m'maluwa, ndipo mkwati anatsala pang'ono kuveka mphete nthambi, mwamwayi Esinta anatsokomola. Mukuseka? Zithunzi zilipo m'foni, kungoti zonse n'zachikasu chokhachokha.

Potuluka apongozi anathyola duwa limodzi n'kulisomeka pa duku.

"Amake Tadala," anatero, "chaka chamawa akwatiwa mng'ono wake wa Esinta, Mele. Muyambiretu."

Mpaka lero pa msonkhano wa banja amandipatsa mpando, osati mphasa.

Tsono pakuti tili tokha, ndikuuzeni kanthu. Nsonga zoyamba zija sindinadule ine. Bambo a Tadala ndi mlimi wa fodya, ndipo dzanja lawo likaona chomera chatalika limapita lokha kunsonga. M'mawa wina ndili kumjigo iwo anakhala pakhonde akutsuka mkamwa, n'kumangotsina chimodzichimodzi monga amachitira kumunda. Nditabwera ndinalira, ndipo masiku atatu ndinkangowaikira madzi osamba osawalankhula. Tsiku lachinayi ndinaona timphukira tiwiri pa tsinde lililonse, iwonso anationa, ndipo dzanja lija linayambanso kupita, pakuti pa fodya mphukira amachotsa kuti tsamba likule.

"Zimenezi zimangodya chakudya," anatero.

"Mukakhudza kamodzi kokha, ku ukwati mukapita nokha."

Ndinasamutsira mtondo wanga pafupi ndi zitini, ndipo ndinalondera mphukirazo milungu iwiri yathunthu. Pamenepo ndiye panali ntchito yanga, ndipo palibe angandilande.

Iwo mpaka pano amakhulupirira kuti anandionongera maluwa, ine n'kuwapulumutsa mwanzeru zanga. Chitenje chimene ndavalachi anandigulira chopepesera. Mukakumana nawo pamsika wa Mitundu, apatseni moni basi.