Tsiku limene ambulansi inafika msanga

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika, azimayi ogulitsa mtedza amandilonjera kuti, "Mwauka bwanji, amalemu?" Ndimayankha mwaulemu, chifukwa dzinali ndinalifuna ndekha.

Inali nthawi ya kampeni. Ofuna ukhansala anabwera kudzatsutsana pabwalo la sukulu kwathu ku Zemba, ndipo ine, amene ndimawerenga nyuzipepala iliyonse ngakhale yokulungira kapenta, ndinakhala kutsogolo. (Sukulu ndinalekezera panjira, koma zimenezi sizinandiletsepo kulangiza boma.)

Bambo wina analonjeza sola padenga lililonse, osafunsa kuti pa udzu adzaikhomera pati. Mayi wina anati sukulu zamkaka zadula kuposa feteleza, iye akawina ana azisungidwa ulere. Nthungululu zinalira, makanda kumsana n'kudzidzimuka. Nkhani ya ambulansi itafika, a khansala amene anali pampando anaimirira, n'kukonza jekete.

"Masiku ano mukangoimba foni," anatero, "ambulansi imafika musanavale nsapato."

Apa mtima unandiwawa. Mlamu wanga anachirira m'ngolo pakati pa dambo, titatopa kudikira ambulansi yomweyo. Ndinaona kuti bodza lotere funso silingalikwane, likufunika manyazi a pagulu. Nzeru inabwera: ndigwe, anthu aimbe foni, tidikire mpaka dzuwa lipendeke, kenako ndidzuke, ndisase fumbi, ndilankhule mawu amene ndinali nditawakonza kale m'mutu.

Ndinagwa. (Ndinasankha pamchenga, si kuti ndine chitsiru kotheratu.)

Chimene sindinkadziwa n'chakuti ambulansiyo a khansala anali atabwera nayo, yotsukidwa mpaka matayala, n'kuiimika kuseri kwa kalasi kuti aionetse pomaliza. Ndisanabuule kachiwiri, sairini inali m'khutu mwanga.

"Ndayamba kupezako bwino," ndinanong'ona.

"Gonani, mdala," anatero a khansala, atandigwira mwendo okha, nkhope atalozetsa kwa wojambula zithunzi. "Odwala kwambiri ndi amene amatero."

Kuchipatala nesi anandiyeza uku ndi uku, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, penipeni pakupweteka ndi pati?"

Ndinaloza mutu. Apo pokha sindinaname.

Pobwerera dalaivala anati mafuta anali a ulendo umodzi. Foni yanga inali itazima, poti kasola ka kunyumba kanafa kalekale. Ndinagona kwa msuweni wanga ku boma, m'mawa n'kupempha malo panjinga ya munthu wopita kwathu.

Tsono apa muyenera kudziwa chinthu chimodzi. Kwathu ambulansi sinatengepo munthu wamoyo. Imafika thupi atalisambitsa kale. Choncho mawu akuti "atengedwa ndi ambulansi" pofika pakhomo panga anali atasanduka uthenga wa maliro, ndipo onse amene anandiona ndikugwa anavomereza kuti maso anali atatembenuka ndithu. (Luso langa lomwe linandipha.)

Ndinapeza mabenchi a kutchalitchi ali pabwalo, amayi a mpingo akuimba m'nyumba, chikopa cha mbuzi yanga chitayanikidwa pamtengo wa mango. Nyimbo inaduka pakati. Akazi anga anatuluka, chitenje chili m'chiuno pamwamba pa chinzake, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ndiye simunafe?"

"Ndimafuna kuwaphunzitsa a khansala."

"Aphunzira?"

Mkulu wa mpingo anatseka buku la nyimbo pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Poti nyama yapsa kale, tiyeni tidye. Za inu tikakamba Lamulungu mapemphero akatha." Ndinadya nawo maliro anga, ndipo anandipatsa nthiti.

Misonkhano yonse yotsatira, kuyambira ku Zingalume mpaka ku Pembamoyo, a khansala sankavutikanso n'kulonjeza. Ankangoti, "Ku Zemba munthu anagwa, ambulansi inafika asanaphethire. Lero akuyenda, kamufunseni." Anawina, ndipo galimotoyo sitinaionenso.

Anthu amabweradi kudzafunsa. Ndikati ndiyambe kufotokoza za kuseri kwa kalasi, amandidula.

"Ife tikufunsa chimodzi, mdala. Inafika kapena sinafike?"

Ndipo ine, poti ndinalonjeza akulu a mpingo kuti sindidzanamanso, ndimati inafika.