Zikwatu Zitatu za Bambo a Tereza

Lolemba

Amake Tereza apita. Ndawaperekeza mpaka pa Chimbiya, akwera minibasi ya ku Lilongwe kukaona Tereza, mwana wathu, amene watipatsa mdzukulu woyamba. Abwera Lamulungu.

Vuto ndi pakamwa pangapa. Dzulo ankadandaula kuti ulendo wagwa pa sabata yoipa: mvula ikupita kumapeto, nkhwani kumunda wayamba chikasu, akapanda kufutsa sabata ino ndiye kuti mu Okutobala tidzasowa ndiwo. Ine nditakhuta maungu ndinangoti, "Kufutsa n'ntchito yanji? Kuwiritsa ndi kuyanika basi. Kwinako mumangocheza pathanthwe." Iwo anati, "Chabwino, bambo a Tereza. Pobwera ndidzapeze zikwatu zitatu."

Zitatu zokha! Ine, munthu amene ndinaphunzitsa sitandade 8 mpaka kupuma pantchito. Ana amene ndinawaphunzitsa ena ndi manesi, wina ndi wansembe. Ndilephere kukulunga masamba ouma m'masamba a msuku?

Dongosolo ndalilemba pakhoma:
1. Lolemba: kuthyola
2. Lachiwiri: kuwiritsa
3. Lachitatu ndi Lachinayi: kuyanika
4. Lachisanu: kumanga zikwatu
5. Loweruka: bawo
6. Lamulungu: kulandira chipepeso

Ndathyola madengu awiri odzaza bwino. Manja akuyabwa mpaka m'zigongono. Sindikukhazikika, ndikungolowa ndi kutuluka, kukayang'ana madengu aja ngati athawa.

Lachiwiri

Kukhitchini. Utsi! Anthuwa amapuma bwanji muno? Kudenga kwalendewera chimanga cha mbewu ndi tinthu tawo tina, ndikangoimirira ndikugunda mutu. Ndikugwira ntchito chowerama, maso ali gwa pansi, misozi ili chuchuchu.

Dengu loyamba lonse mumphika waukulu. Moto wabwino, wa nkhuni za bulugamu. Ndikupita kaye kukafuna mabatire a wailesi.

Pobwera ndikupeza alamu anga a Felesita, akulu awo a amake Tereza, ataima pakhomo, manja m'chiuno. Akuvundukula mphika, akuvundikiranso msanga.

"Alamu, munasadzula?"

Kusadzula. Kuchotsa timitsitsi tija ta m'mapesi a nkhwani. Pakhoma sindinalembe.

"Nanga mwaphika phala la ndani? Pofutsa amangowiritsa pang'ono."

Zomwe zili mumphika: zobiriwira, zoterera, zodzaza zingwe. Ndapatsa nkhumba. Nkhumba nayo yayamba yandiyang'ana kaye.

Dengu lachiwiri ndikusadzula tsamba limodzilimodzi. Kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka nkhuku zayamba kulowa. Msana! Chala chachikulu chasanduka chobiriwira, chikhadabo chathyoka. Ndawiritsa pang'ono monga anenera a Felesita, osati chifukwa anena iwo, nanenso ndinali nditaganiza kale.

Dengu lonse lija latuluka lichero limodzi losadzaza. Ndayang'ana pansi pa mphika, mwina ena atsalira. Palibe.

Lachitatu

M'mamawa kumunda, mame mpaka m'mawondo. Ndathyola nkhwani yense amene watsala wobiriwira. Yense. Kusadzula, kuwiritsa. Tsopano malichero awiri. Ndayamba kuizolowera ntchitoyi.

Kuthanthwe, kuseri kwa nyumba zathu. Ndafika woyamba. Ndasankha kumtunda, pamene dzuwa limayambira kuwomba, posalala, potentha bwino. Nzeru za mphunzitsi! Ndayala masamba anga mizeremizere. Ndikubwerera kunyumba kukatenga mpando.

Pobwera, pamalo panga pali ufa wa a Felesita, uli mbee. Pambali pake pali mfutso wa a Rozina, mlamu wanga wachiwiri. Wanga uli kumunsi kwenikweni, pansi pa mthunzi wa mtengo wa mapeyala, m'mbali mwa njira ya mbuzi. Andiyalira bwinobwino, kuposa mmene ndinayalira ine, ndipo zimenezo zikundipsetsa mtima koposa.

A Felesita: "Kumtunda kuno kuli eni ake, alamu."

Ndikufunsa mwaulemu kuti nanga malo a amake Tereza ndi ati, ndiyanike pamenepo. Akuyang'anana awiriwo. A Rozina akuseka mpaka kugwira pansi.

"Zaka makumi atatu muli pamudzi pano, simudziwa pamene akazi anu amayanika? Aimbireni foni."

Sindiimba. Ndikulumbira, sindiimba!

Ukamwini ndi umenewu. Munthu wamanga nyumba ya njerwa pamudzi pa eni, walembera anthu makalata, waimirira pa maukwati a ana awo onse, koma tsiku loyanika masamba akuponya kwa mbuzi. Ndakhala pampando wanga kumunsi kuja, ndawafulatira.

Uthenga pafoni, wa amake Tereza: "Mwana ali bwino. Mfutso?" Ndayankha: "Ukuyenda bwino kwambiri."

Lachinayi

Zomwe ndaphunzira za malo andipatsawa:
dzuwa limafika cha m'ma teni
limachoka cha m'ma thuu
mapeyala amagwa osachenjeza
nyerere zilipo, zazikulu

Ndayala. Ndakhala. Ndaimirira. Ndakhalanso. Masamba sakusintha. Ndawatembenuza, ndawatembenuzanso, akadali onyowa. Kumtunda alamu anga ali pa nkhani ya kwaya, aliyense bango lalitali m'manja. Nkhuku ikayandikira, bango likugunda pansi, nkhani osaduka. Ine ndilibe bango, ndikuthamangitsa nkhuku ndi chipewa.

Miyendo ikundiyabwa. Munthu wamwamuna kukhala tsiku lonse kulondera masamba! Kwa a Lufeyo pagolosale si kutali. Bawo imodzi yokha, ndibwera.

Ndasewera zinayi. Ndapambana ziwiri.

Pobwera: mbuzi. Zitatu ndi kamwana. Zaima pamwamba penipeni pa mfutso wanga, zikutafuna mosafulumira. Kamwanako kagona pakati pa lichero. Ndathamanga, ndakuwa, nsapato yavuka, ndatsetsereka pathanthwe, bondo lasupuka.

Alamu anga alongedza kale zawo, akunyamuka. A Rozina: "Tinaziona, alamu. Koma poti mwini wake kunalibe, timayesa mwaziitana nokha."

Ndikufuna mwini mbuzizi andilipire. Ndaziyang'anitsitsa. Ya mawanga ija, ya nyanga imodzi ija. Ndi zanga. Ndinaiwala kuzimangirira m'mawa, chifukwa amene amazimangirira masiku onse ali ku Lilongwe.

Watsala lichero limodzi. Ndachotsamo zomwe mbuzi zasiyamo, sindilemba kuti n'chiyani.

Pakhoma ndafufuta "zitatu", ndalemba "ziwiri, koma zazikulu".

Lachisanu

Nkhungu. Phiri silikuoneka, khola silikuoneka, ngakhale chimbudzi ndikuchipeza ndi mapazi. Ndikuyendayenda pakhonde. Ndatuluka kasanu ndi kawiri kukayang'ana kumwamba.

Mmene tsiku layendera:
dzuwa lasuzumira, ndathamanga kukayala
mawawa, ndathamanga kukaanula
dzuwa, ndayala
mawawa, ndaanula
dzuwa, ndaima ndi lichero pamutu, sindikukhulupirira
dzuwa lenileni, ndayala

Lero ndi Lachisanu la Lenti, Njira ya Mtanda kutchalitchi. Sindinajombepo. Ndamangirira mbuzi zingwe ziwiriziwiri, ndapita. Ndakhala pafupi ndi zenera. Anthu akugwada, ine ndikugwada diso lili panja. Pamene Ambuye akugwa kachiwiri, kumwamba kwada. Pamene akugwa kachitatu, ine ndili kale pakhomo, chipewa m'manja. Mulungu andikhululukire. Akatekisiti andiona.

Ndafika mvula itandiyambira. Lichero lili pansi pa khonde la a Rozina, alianula ndi iwo, koma madontho analowa kale. Ndathokoza. Mawu atuluka movutikira.

Masana dzuwa ladzawalanso. Ndadula bango langa. Ndakhala pansi pathanthwe, mpando ndausiya kunyumba. Sindikuchoka, zivute zitani. A Rozina atsikira kumunsi kudzatola mapeyala, akhala pambali panga. Takambirana za matenda a mbatatesi, za denga la tchalitchi, za mwana wa a Lufeyo amene akufuna kukwatira kawiri. Nkhuku yayandikira, bango langa lagunda pansi lokha, nkhani osaduka.

Pamenepo ndadzimva. Ndikucheza pathanthwe. Matako achita dzanzi, khosi lauma ndi kuyang'ana mitambo, ndipo wodutsa panjira akadati aphunzitsi akungokhala.

Loweruka

Fungo. Ndavundukula lichero: chuku. Choyera, chaubweya, mbali yonse imene inanyowa dzulo. Ndasankha ndi zala, kutaya, kusankha, kutaya. Otsala akukwana m'mbale ya ndiwo.

Maganizo atsopano! Denga la malata limatentha kuposa thanthwe, mbuzi sizikwera, alamu sakwera. Bwanji palibe anaganizapo? Makwerero. Ndayala pamwamba. Ndatsika, ndadziombera m'manja.

Mphepo yochokera kuphiri. Tsopano ndadziwa chifukwa chake palibe anaganizapo. Mfutso wanga ukuuluka, wina m'munda wa chimanga, wina m'khola, wina pa zovala za a Felesita. Ndatola chokwawa pabwalo lonse. A Felesita ali pakhonde pawo, akungondionerera.

Kumunda. Mwina nkhwani watsala. Palibe, ndinakolopa ndekha Lachitatu. Atsala achikasu, okhakhala, oboola ndi tizilombo.

Njinga, ulendo wa ku Mayani. Pamsika amagulitsa zikwatu zomangamanga, ndani angadziwe? Ndapeza mayi wina ali nazo mulu. Ndatsitsa chipewa kumaso. Ndisanatsegule pakamwa:

"Bambo a Tereza! Mayi akudwala kodi? Iwo aja sagula mfutso, ndi amene anatiphunzitsa kumanga ife."

Ndagula machesi. Ndabwerera.

Masamba a msuku ndathyola, luzi ndasenda. Kumanga: koyamba kwamasuka, kachiwiri kwang'ambika, kachitatu ndamangira kumodzi chala changa. Kachinayi chagwira. Chikwatu chimodzi, chachikulu ngati lalanje, chopendekeka.

Bawo sindinapite. Ndakhala pakhonde ndikuchiyang'ana. Manyazi alipo, koma si manyazi okha. Ndikuona Okutobala, dzuwa lili phwee, kudimba kouma, amake Tereza akuzungulira m'makomo mwa akulu awo kupempha ndiwo, iwo amene sanapemphepo. Chaka chino m'nyumba muno mulibe mfutso chifukwa cha pakamwa panga. Mtima ukundiwawa.

Lamulungu

Misa yoyamba. Akatekisiti andipatsa moni wautali. Ndafufuta dongosolo lonse pakhoma, khoma lada.

Amake Tereza afika masana pa njinga yamoto kuchokera ku Chimbiya. Mdzukulu akuti ali ndi mphuno yanga. Ndawalandira chikwama, ndawapatsa madzi, ndafunsa za ku Lilongwe mafunso ambirimbiri, mpaka za mseu. Iwo akungoyang'ana bondo langa.

"Zikwatu zija?"

Ndabweretsa. Ndachiika patebulo, chagubuduka, ndachigwira. Achinyamula ndi zala ziwiri, achinunkhiza, achitembenuza. Sakuseka. Bola akanaseka.

"Tiyeni kukhitchini."

Ndawatsatira chowerama monga ndachitira sabata yonse.

"Tayang'anani kumwamba, bambo a Tereza."

Ndayang'ana. Kuseri kwa chimanga cha mbewu kuja, zalendewera zikwatu zisanu ndi chimodzi, zazikulu ngati maungu, zomangidwa bwino, luzi lake likadali latsopano. Zomwe ndakhala ndikugundamo mutu kuyambira Lachiwiri.

Ndafunsa kuti anafutsa liti.

"Masiku aja ndinkangocheza pathanthwe."

Ndasowa poyang'ana. Kuti ndisangokhala chete, ndayamba kuwaneneza akulu awo: kundichotsa padzuwa, kundiponya kumthunzi, kunjira ya mbuzi, chifukwa ndine mkamwini. Ndati andiuze basi, malo awo enieni ndi ati.

"Pomwe anakuikanipo. Ine ndine womaliza kubadwa, kumunsi ndi kwanga. Ndayanika pamenepo chikwatireni nanu."

Dzuwa la ma teni mpaka ma thuu. Mapeyala. Nyerere. Mbuzi zanga. Zaka makumi atatu, ndipo chaka chilichonse mu Okutobala ndimadya mfutso wotendera n'kumati mchere wachepa.

Chipepeso chaperekedwa monga ndinalembera pakhoma, kungoti wopereka ndine. Alandira ndi mutu wokha.

Ndati mawa m'mamawa ndikadula nthambi ya mapeyala ija kuti dzuwa lizifika msanga. Akuti ndisayerekeze, mtengowo ndi wa a Felesita.

Chikwatu changa achipachika kudenga, pakati pa zawo. Chikuoneka ngati chatsagana ndi akuluakulu. Akuti chimenecho ndidzadya ndekha mu Okutobala. Bango langa aliona pakhonde, aliyesa m'manja, akuti ndi labwino, ndisataye. Khwanya kumunda wa nyemba wakwana kuthyola, ndipo iwo msana ukuwawawa ndi minibasi.

Ndapita kukamangirira mbuzi.